Wolemba Ntchito Ayambe Wamva

Amayi anzathu a Mvano, tikumbuke chaka cha 2011. Mphunzitsi wina wa ku Chancellor College, ku Zomba, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zimene anaphunzitsa m'kalasi. Anzake ananyanyala ntchito, ndipo a pa Polytechnic, pa Chichiri pomwepa, anachitanso chimodzimodzi. Mkangano utakula, akuluakulu a Yunivesite anachotsa aphunzitsi anayi. Ana athu anangokhala pakhomo miyezi yambiri, kufikira anayiwo atabwezedwa pantchito mu Okutobala.

Tsono nafenso kuno ku Namiwawa tili ndi antchito m'nyumba zathu. Akabwera ndi dandaulo la malipiro, tisafulumire kunena kuti, "Longedza uzipita." Tiwapatse mpando, tiyambe tamva, pakuti nawonso ali ndi ana owadalira. Ambuye atithandize.