Nsomba Zikamayasama M'mawa

Amayi ndi abambo, muzipita kudziwe lanu m'mamawa, dzuwa lisanatuluke. Mukaona makumba akuyasama pamwamba pa madzi, dziwani kuti mpweya wachepa. Tsiku limenelo musathire madeya kapena manyowa. Lowetsani madzi atsopano.

Madzi abwino amaoneka obiriwira. Viikani mkono mpaka m'chigongono. Ngati zala zikuonekabe bwinobwino, ndiye kuti chakudya cha m'madzi chachepa. Thiranimo zitosi za nkhuku. Koma zala zikasowa mutangoviika pang'ono, mwathira zambiri. Yambani mwaleka.

Tsono makumbatu amaswana kwambiri. Ena amakondwa nazo zimenezi, koma nsomba zikathinana sizikula. Mudzangokolola tinsomba tonga zala! Patulani tiana ndi ukonde, mugulitse kwa anzanu amene akukumba maiwe atsopano. Zazikuluzo muzikolola pakatha miyezi 6.