Chipewa choyamba: mawu a mmodzi wa mamembala pa mwambo wokumbukira kubadwa kwa gulu lathu

 Andipatsa mphindi zochepa kuti ndikambepo za ntchito zamanja, ndiye ine ndasankha kuluka.

Tikanati titsegule masutikesi a tonse tili muno, bwenzi titapezamo majuzi ambiri a mkono umodzi. Mwaseka chifukwa mukuwadziwa. Komatu ulusi umene wagona m'sutikesiwo ndi ndalama. Ena tinachita kukongola ku banki m'khonde, ena tinagulira ya chipereganyu, chija anzathu amati chilimba, mukando, xitique kapena stokvel. Ya ngongoleyo chiwongoladzanja chake sichidikira kuti mkono wachiwiri uthe.

Ine ndayamba kuluka chaka chino, zidzukulu ndili nazo kale, ndipo choyamba changa ndi chipewa cha khanda ndanyamulachi. Mayi amene anandiphunzitsa anandikaniza juzi. Anati ndigule mpukutu umodzi wa magalamu 50, ulusi uja amalemba kuti double knitting, ndi singano za mamilimita 4. Unakwana, wina n'kutsalako. Amayi athu ankanola masipoko a njinga n'kumalukira, ndiye pasapezeke wonena kuti akudikira zipangizo.

Pamene ambiri amagwa ulesi ndi kumapeto, poti mizere yokoma ija yatha, kwatsala ntchito yosaoneka. Pamwamba pa chipewa umaluka masitichi awiri pamodzi, mzere ndi mzere, mpaka atsale ochepa. Ukatero umadula ulusi n'kusiya mchira wautali, kuulowetsa m'masitichi otsalawo, kukoka kuti patsekeke, kenako kusoka m'mbali ndi mchira womwewo. Timichira tonse umatibisa mkati ndi singano yosokera. Zimenezi zinanditengera madzulo athunthu, maso akuwawa. Koma wogula pamsika sayamba waona kunja, amatembenuza kaye n'kuyang'ana msoko, monga timachitira tikamalandira diresi kwa atelala.

Nditamaliza ndinakhala ndi zinthu ziwiri zolemba m'kope: ulusi umene unalowa ndi maola amene ndinakhala pansi. Popanda ziwirizi mtengo umangoutchula mwamwayi, ndipo kawirikawiri woluza ndi wolukayo. N'chifukwa chake maganizo anga, ngakhale ena sawakonda, ndi akuti gulu lisapereke ngongole yachiwiri ya ulusi mayi asanabweretse pamsonkhano chinthu chimodzi chomalizika. Si nkhanza ayi. Ndalamazo n'zathu tonse.

Za juzi ya munthu wamkulu, tinene zoona, kaunjika sitingamupose pa mtengo. Pamene tili ndi mpata ndi pa za ana: zipewa, timasokosi, mashawelo, ndi majuzi a mtundu wa yunifolomu ya sukulu. Ana obadwa masiku asanakwane, amene amagonekedwa pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaroo, amafunika chipewa nthawi zonse chifukwa amazizidwa msanga.

Chinanso chikukhudza ife odumpha malire. Pa kapepala kokulunga mpukutu pamakhala nambala ya mtundu, ndi ina ya gulu limene ulusiwo unanyikidwira limodzi mu utoto. Ukagula ku Johannesburg n'kukuthera uli ku Dedza, wa ku Lilongwe ukhoza kufanana dzina koma poluka mzere wosiyana umaonekera. Gulani wokwanira kamodzi, nambala imodzi, ndipo kapepalako musataye.

June ndi July sali patali kwa munthu woluka ndi manja. Amene mwabwera ndi zosamaliza m'zikwama, tikatha kudya tikumane pakhonde, aphunzitsi anga abweretsa singano zosokera.