KODI MBEU INGAKULE M'DOTHI LA KUMWEZI?

 Inu a ku migodi mudziwa bwino milu ya miyala yosinjika imene makina ataya kunja kwa mgodi. Mvula igwapo caka ndi caka, koma udzu ubvutika kumerapo. Dothi la kumwezi lifanana nayo: ndi mwala wosinjika cabe, mulibe manyowa, mulibe tsamba lobvunda ngakhale limodzi.

Nanga tibvutikiranji nalo? Cifukwa munthu wokakhala kumwezi sangasenze ufa wa zaka zambiri. Mbeu ndiyo ingampatse cakudya, ndi mpweya womwe. Ndipo inu amene mupuma mpweya wokankhidwa pansi ndi makina simufuna kuuzidwa mtengo wace.

Pakati pa 1969 ndi 1972 anthu a ku America anabwera kucokera kumwezi ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. Bungwe la NASA licisunga cuma cimeneci mouma manja ndithu. Akatswiri a zomera a pa University ya Florida, Anna-Lisa Paul ndi Robert Ferl, anapempha katatu m'zaka 11, ndipo potsiriza anawabwereka magalamu 12 okha, timasupuni towerengeka.

Anagawa dothilo m'timiphika tonga nsonga ya cala, galamu imodzi m'kamphika, nabzalamo njere za kacitsamba kochedwa Arabidopsis, mbale wace wa mpiru. Anathirira madzi osanganiza ndi cakudya ca mbeu, nayatsa nyali m'malo mwa dzuwa. Njere zina anabzala m'phulusa la phiri lamoto la pansi pano, kuti alinganize.

Atapita masiku awiri, njere zinamera. Ambiri anaombera m'manja pamenepo. Koma mlimi aliyense adziwa kuti kumera si kukolola. Pofika tsiku lacisanu ndi cimodzi kusiyana kunaoneka. Za m'dothi la kumwezi zinapinimbira, mizu yace inafupika, ndipo masamba ena anafiira. Pa tsiku la 20 anazizula nazipima, napeza kuti zinalikusauka monga isaukira mbeu m'dothi la mcere kapena lodzala zitsulo. Dothi limene anatenga a ulendo wa Apollo 11, lokhalitsa pamtunda poombedwa ndi tinthu tosaoneka tocokera ku dzuwa, ndilo linazunza mbeu koposa. La Apollo 17 linali bwinoko. Zimenezi anazilengeza mu May, caka ca 2022 cisanafike pakati.

Cotero amene adzayamba dimba kumwezi sadzangolima paliponse pamene atera. Adzayamba wayendayenda kufuna dothi latsopano, losapsa ndi dzuwa.