CHIKONDI, MINDA NDI MAPAUNDI M'MABUKU A JANE AUSTEN

Anandipempha kuti ndinenepo za mabuku a nkhani zachikondi zochitika m'masiku amakedzana. Ena mwayamba kale kumwetulira, poti mukukumbukira timabuku ta Mills & Boon timene tinkabisa m'kati mwa buku la jogalafe nthawi ya prep. Musadandaule, sinditchula maina.

Kampani ya Mills & Boon inayamba mu 1908 ku London, koma gwero la nkhani za akalonga, madiresi ataliatali ndi magule a m'nyumba zikuluzikulu ndi lakale kuposa pamenepo. Ambiri mwa olemba nkhani zotere anatengera kwa Jane Austen, mwana wa m'busa wa ku Hampshire, amene buku lake lotchuka, Pride and Prejudice, linatuluka mu 1813. Nyengo imeneyo imatchedwa Regency, chifukwa kuyambira 1811 mpaka 1820 mfumu George III inali yodwala misala ndipo mwana wake ndiye ankalamulira m'malo mwake. Inalinso nyengo ya nkhondo yolimbana ndi Napoleon, imene inatha mu 1815. N'chifukwa chake m'bukumo muli asilikali a malaya ofiira amene akuzunguza mitu ya atsikana.

Tsono mfundo yanga lero ndi yakuti nkhani zimenezi zimakamba za chuma ndi malamulo, ndipo chikondi chimayenda m'kanjira kopanikiza kamene ziwirizi zasiya. Tiyeni tione banja la a Bennet. Bambo ali ndi minda ku Longbourn yowapatsa mapaundi 2,000 pa chaka, ndipo ali ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe. Mindayo inamangidwa ndi lamulo lotchedwa entail, lakuti wolowa m'malo akhale mwamuna basi. Ndiye kuti tsiku limene bamboyo adzatsikire kuli chete, nyumba ndi minda zidzapita kwa mbale wake, m'busa Collins, ndipo mayi ndi ana ake akhoza kuuzidwa kuti asamuke. Mtsikana aliyense akuyembekeza mapaundi 1,000 okha, amene chiwongoladzanja chake ndi mapaundi 40 pa chaka. Yerekezani ndi Darcy, mnyamata wonyada uja, amene amalandira 10,000 pa chaka.

Owerenga ambiri amawaseka mayi Bennet chifukwa cha mkamwa mwao ndi liuma lao lofunira ana amuna. Ine sindiwaseka kwenikweni. Ndi olongolola, inde, koma m'nyumba monsemo ndi okhawo amene akuwerengera za mawa, pamene amuna awo angodzitsekera m'chipinda chowerengeramo n'kumanyogodola anthu. Ndipo taganizani, akanakhala kuti anabadwira kuno kwathu kumene mtundu umatsata kwa mayi, ana aakazi asanuwo akanakhala ulemerero. Bwenzi ali mwini mbumba, minda ili m'manja mwa ana, akamwini asanu akubwera ndi makasu. Koma zikanatero, bwenzi bukulo kulibe.

Mtsikana wa banja lotere sakanatha kupita ku yunivesite kapena kulembedwa ntchito m'boma monga ena a ife. Chimene chinalipo ndi kukaphunzitsa ana m'nyumba ya eni chuma, pa malipiro ochepa. Akakwatiwanso, ndalama zake zinkakhala za mwamuna, pokhapokha makolo atalemberatu pangano lomuteteza. Lamuloli linasintha mu 1870 ndi 1882. Kuthetsa ukwati kunkafuna chilolezo cha Nyumba ya Malamulo mpaka 1857. Choncho yankho la mtsikana kwa womufunsira linali chigamulo cha moyo wake wonse. Pamene Elizabeth akukana Collins, kenaka n'kukananso Darcy poyamba, akukana denga ndi chakudya. Mnzake Charlotte Lucas, wa zaka 27, akumulola Collins yemweyo popanda chikondi, ndipo mlembi sakumuweruza mwankhanza. Gawo limenelo limandikhudza kuposa ukwati wa kumapeto.

Austen ankazidziwa zimenezi pa moyo wake. Mu December 1802 analola mnyamata wina wa banja lolemera, Harris Bigg-Wither, koma kutacha anabweza mau. Bambo ake atamwalira mu 1805, iye, mkulu wake Cassandra ndi mayi awo anadalira alongo ake, mpaka mmodzi anawapatsa kanyumba ku Chawton mu 1809. Pride and Prejudice analigulitsa mapaundi 110 okha, dzina lake silinalembedwe pachikuto, ndipo anamwalira mu 1817 ali ndi zaka 41, ali mbeta.

Amene anabwera pambuyo ankalemba za nyengo imene sanaione. Georgette Heyer, ndi buku lake la Regency Buck la mu 1935, anafufuza mwakhama za zovala, ngolo ndi kayankhulidwe ka nthawiyo, ndipo anthu ambiri anamutsanzira, kufikira Julia Quinn amene nkhani zake za Bridgerton zinayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2020. Zimasangalatsa ndithu, sindikukana. Koma mwa ambiri otsanzirawa madiresi anatsala, mantha a umphawi n'kuchepa. Ndi ochepanso amene amafunsa kumene chumacho chinkachokera, pamene Austen mwiniwake, m'buku la Mansfield Park, anatchula minda ya ku Antigua, kumene akapolo ndiwo ankalima nzimbe.

Za mayi wamasiye wotulutsidwa m'nyumba si zachilendo kwa ife. Tonse taonapo achibale akubwera ndi lole maliro asanazizire, ndipo n'chifukwa chake mu 2011 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, loletsa kulanda katundu wa mkazi ndi ana. Mwana wa Fomu 3 wa pasukulu pano angawamvetse mayi Bennet msanga kuposa mwana wa ku London.

Choncho, a Wapampando, pa mabuku amene bungwe lathu likufuna kugulira laibulale chaka chino, ndikupempha kuti muikepo makope angapo a Pride and Prejudice ndi Persuasion, ndipo anyamatanso aziwabwereka. Awiri oyamba ndigula ndine.