Nduna Ikati "Akatswiri Atilangiza", Tiifunse Kuti Akatswiri Ake Ati?

Awa ndi mau amene mmodzi mwa atolankhani athu anayankhula pa msonkhano wokambirana za kayendetsedwe ka boma. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira.



Mwandipempha kuti ndiyankhule za mabungwe a akatswiri a sayansi ndi momwe amalangizira maboma. Ena mwina mwayamba kale kuyasamula poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu ovala makhoti oyera. Ndikupemphani mudekhe pang'ono, pakuti ndi nkhani ya ndale, ndiponso ya maliro. Munthu amene timamusankha ndi voti amadziwa kukopa anthu pa msonkhano, koma kawirikawiri sadziwa chimene chikupha ng'ombe m'makola, kapena ngati mankhwala akutiakuti ndi abwino kwa mai woyembekezera. Ayenera kufunsa. Tsono afunse yani, ndipo akauzidwa zimene sakufuna kumva, zimatha bwanji?

Tiyambire ku America. Pa 3 Malichi 1863, dzikolo lili pakati pa nkhondo yapachiweniweni, Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lokhazikitsa bungwe lotchedwa National Academy of Sciences, lokhala ndi mamembala 50. Lamulolo linati nthambi iliyonse ya boma ikapempha, bungweli lifufuze ndi kupereka lipoti. Linatinso boma lilipire ndalama zokhazo zimene zalowa pa kafukufukuyo, koma bungwelo lisalandire malipiro pa ntchitoyi. Imodzi mwa ntchito zoyamba inali ya sitima zankhondo za pamadzi. Anali atayamba kuzikhoma ndi chitsulo m'malo mwa matabwa okhaokha, ndipo chitsulocho chinkakoka singano ya kampasi, mwakuti woyendetsa sitima akanatha kusochera iye akukhulupirira kuti ali panjira. Vuto lotere silikonzeka ndi lamulo la mkulu wa asilikali. Linafuna anthu odziwa za maginito.

Bungweli likugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo kagwiridwe kake nkofunika kukamvetsa. Mamembala ake sasankhidwa ndi pulezidenti ai. Amasankhana okha poona zimene munthu wachita pa kafukufuku. Boma likabwera ndi funso, bungwe ndilo limasankha komiti ya akatswiri, ndipo akatswiriwo salandira malipiro. Aliyense amaulula ngati ali ndi masheya kapena ganyu ku kampani imene nkhaniyo ikuikhudza. Akalemba lipoti, limapita kaye kwa akatswiri ena amene sanali m'komitiyo kuti alitokose paliponse pofooka. Nthambi ya boma imene yalipira ntchitoyo ilibe mphamvu yosintha mau a lipotilo, ndipo likatha limatulutsidwa poyera kuti aliyense awerenge. Nduna ikhoza kukana malangizowo, ndi ufulu wake, chifukwa ndiyo inapatsidwa udindo wolamulira. Koma imakana anthu onse akuona chimene yakana.

Kuti muone kufunika kwa zimenezi, taonani kumene bungwe la akatswiri linali m'thumba la chipani. Ku Soviet Union kunali munthu dzina lake Trofim Lysenko, amene ankaphunzitsa kuti mbeu ukaizoloweza kuzizira, mbeu zobadwa kwa iyo zidzakhala zozolowera kale, ndipo ankanyoza maphunziro a chibadwa cha zamoyo kuti ndi a adani a chipani. Stalin anamukonda, pakuti ankalonjeza tirigu wambiri mwamsanga. Mu 1938 anamuika kukhala mkulu wa bungwe la akatswiri a zaulimi. Nikolai Vavilov, katswiri amene anayenda maiko ambiri kusonkhanitsa mbeu zamitundumitundu, anamangidwa mu 1940 ndipo anafera m'ndende ku Saratov mu 1943. Pa msonkhano wa bungwelo mu Ogasiti 1948, Lysenko anauza akatswiri anzake kuti mfundo zake zavomerezedwa ndi komiti yaikulu ya chipani. Mtsutso unathera pomwepo. Amene ankatsutsa anayamba kupepesa, ena ambiri anachotsedwa ntchito. Bungwe linalipo, zikwangwani zinalipo, mapulofesa analipo, koma boma linkangomva mau ake omwe akubwerera. Ife a Malawi nkhani yotere sitifunika kuimasuliridwa. Tikudziwa kuti mu 1987 Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa kupita ku Mikuyu kumene anakhala mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mphunzitsi aliyense amene anaona zimenezo anaphunzira kuyeza mau asanalangize boma.

Koma musaganize kuti vutoli limatha ndi matipate. Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo inachitika m'dziko la demokalase, kwa anansi athu ku South Africa, kumene abale athu ambiri akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira nthawi ya Wenela.

Thabo Mbeki anakhala pulezidenti mu Juni 1999. Anali munthu wophunzira, wokonda kuwerenga, amene anakhala zaka zambiri kunja pothawa tsankho. Mu Okutobala chaka chomwecho anauza aphungu kuti mankhwala a AZT akhoza kukhala poizoni, ndipo posapita nthawi anayamba kukaika ngati kachirombo ka HIV ndiko kamayambitsa Edzi. Tinene mwachilungamo kuti kukaika kwakeko kunali ndi mizu. Anali ataona azungu akunyoza anthu akuda pa nkhani za kuchipinda, anali ataona makampani a mankhwala akugulitsa mankhwala pa mtengo umene mmphawi sangaufike, ndipo ankanena zoona kuti umphawi ndi njala zimafooketsa thupi. Koma kuchoka pamenepo kufika ponena kuti mwina kachiromboko sindiko kakupha anthu, anadumpha mtsinje waukulu.

Mu 2000 anasankha yekha gulu la akatswiri oti amulangize za Edzi. M'gululo anaikamo madokotala odziwa ntchito, koma anaikamonso anthu ngati Peter Duesberg wa ku California ndi David Rasnick, amene ankakana kuti HIV imayambitsa Edzi. Poonera patali zinkaoneka ngati chilungamo, mbali zonse zimvedwe. Koma taganizani. Ngati madokotala 1,000 akunena chinthu chimodzi ndipo asanu akutsutsa, ndiye inu mukaika m'komiti asanu a uku ndi asanu a uko, mwanamiza dziko kuti akatswiri agawikana pakati. Komiti yotere singagwirizane, ndipo imeneyi sinagwirizanedi. Lipoti lake la mu 2001 linangoyala maganizo a mbali ziwiri, boma nkupeza chifukwa chodikirira.

Akatswiri ena sanakhale chete. Pa 6 Julayi 2000, kutatsala masiku ochepa kuti msonkhano waukulu wa dziko lonse wokambirana za Edzi uyambe ku Durban, magazini ya sayansi yotchedwa Nature inasindikiza chikalata chotchedwa Durban Declaration. Chinasainidwa ndi madokotala ndi asayansi oposa 5,000, ndipo chinanena mosapita m'mbali kuti HIV ndiyo imayambitsa Edzi. Mneneri wa pulezidenti, Parks Mankahlana, anayankha kuti chikalatacho chikafika ku ofesi chidzaponyedwa m'bini. Chaka chotsatira, bungwe lofufuza za umoyo la Medical Research Council, motsogozedwa ndi Pulofesa Malegapuru Makgoba, linatulutsa lipoti lonena kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 amene anamwalira mu 2000, pafupifupi 40 anafa ndi Edzi. Boma linatsutsa ziwerengerozo. Makgoba, munthu wakuda mnzawo, sanabweze mau.

Nthawi yonseyi panali mankhwala otchedwa nevirapine. Kafukufuku amene anachitika ku Uganda anasonyeza mu 1999 kuti mai akamwa m'bulu umodzi pamene matenda a uchembere ayamba, ndipo khanda nalo likapatsidwa pang'ono m'masiku atatu oyamba, chiwerengero cha makanda otenga kachiromboko chimatsika pafupifupi ndi theka. Kampani yopanga mankhwalawo inalonjeza mu 2000 kuwapereka ulere kwa zaka zisanu ku maiko osauka. Boma la South Africa linalola kuti aziperekedwa m'zipatala zochepa zokha zoyeserera. Mzamba wa pa chipatala china amadziwa kuti mankhwala alipo, amadziwa kuti amagwira ntchito, koma amauzidwa kuti asapereke.

Chimene chinathyola khomo sichinali chikalata cha akatswiri pachokha. Linali bungwe la anthu wamba, ambiri a iwo odwala, lotchedwa Treatment Action Campaign, limene Zackie Achmat ndi anzake anayambitsa mu Disembala 1998. Iwo anatenga umboni wa asayansi nkupita nawo kukhothi. Pa 5 Julayi 2002 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula boma kuti lichotse ziletso pa nevirapine. Mu Novembala 2003 nduna zinavomereza ndondomeko yopereka ma ARV m'zipatala za boma, ndipo ntchitoyo inayamba mu 2004, mwaulesi. Nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inapitirizabe kutamanda adyo, mandimu ndi beetroot, mpaka kukaziyala pa chionetsero cha dziko lake ku msonkhano wa Edzi ku Toronto mu 2006.

Nanga bungwe la akatswiri la dzikolo linali kuti? Academy of Science of South Africa inakhazikitsidwa mu 1996, ndipo nyumba ya malamulo inaivomereza ndi lamulo mu 2001. Inali ikadali khanda pamene mkanganowu unafika pachimake. Mu Ogasiti 2007 inatulutsa lipoti la Edzi, chifuwa chachikulu ndi zakudya, lolembedwa ndi komiti imene wapampando wake anali Pulofesa Barry Mendelow. Anaunika kafukufuku amene analipo nkupeza kuti chakudya chabwino chimathandiza wodwala, koma palibe chakudya chilichonse chimene chinapezeka kuti chingalowe m'malo mwa mankhwala. Lipotilo linali lolongosoka, lopanda chipongwe, ndipo linachokera ku bungwe la akatswiri la m'dziko lomwelo, kotero panalibe wonena kuti ndi mau a atsamunda. Koma ine ndinganene kuti linabwera mochedwa. Mu 2008 akatswiri a ku Harvard, motsogozedwa ndi dokotala wa ku Zimbabwe Pride Chigwedere, anayerekeza South Africa ndi Botswana ndi Namibia nkupeza kuti kuchedwetsa mankhwala pakati pa 2000 ndi 2005 kunataitsa miyoyo yoposa 330,000, ndipo makanda pafupifupi 35,000 anabadwa ndi kachirombo kamene kakanapewedwa. Ndikukhulupirira kuti mwa anthu amenewo munalinso a kwathu kuno, amene anabwera m'mabokosi kudzera pa Mwanza.

Sindikunena kuti akatswiri ndi angelo. Ku Britain, komiti imene boma linasankha kuti iunike matenda a misala ya ng'ombe inanena mu 1989 kuti nkovuta kuti matendawo alowe mwa anthu, koma inachenjezanso kuti ngati yalakwitsa, zotsatira zake zidzakhala zoopsa. Andale anatola mau oyambawo, chenjezo nkulisiya. Mu 1990 nduna ya zaulimi, John Gummer, inafika popatsa mwana wake nyama ya ng'ombe pamaso pa atolankhani kuti anthu asaope. Mu Malichi 1996 boma lomwelo linavomera kuti matendawo akuoneka kuti akupha anthu. Apa akatswiri anasanduka chishango cha nduna, chifukwa anthu ambiri anangomva zimene nduna inasankha kuwauza.

Kuno kwathu, wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1985, nthawi imene nkhani zotere sizinkakambidwa momasuka. Patapita zaka khumi, mu 1995, anthu zikwi zambirimbiri anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape kwa Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Sindikuwaseka anthu amenewo. Chipatala chinalibe choti chiwapatse, pakuti ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2004. Koma nthawi ngati imeneyo ndi imene dziko limafuna gulu la madokotala ndi asayansi ake, loima palokha, limene anthu amalikhulupirira, loti liyeze chinthu ndi kunena poyera chimene lapeza, ngakhale chikhale chowawa kwa odwala ndi kwa andale omwe. Tili ndi National Commission for Science and Technology, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 kuti izilangiza boma, ndipo ntchito yake ndi yofunika. Komabe bungwe lokhazikitsidwa ndi boma ndi losiyana ndi bungwe limene akatswiri amasankhana okha, ndipo dziko limafuna onse awiri.

Tsono pempho langa likupita kwa atolankhani anzanga ndi kwa aphungu amene ndikuwaona m'chipinda muno. Mawa nduna ikadzaima nkunena kuti akatswiri atilangiza za feteleza, za mbeu, za katemera kapena za kutseka nyanja kuti chambo chiswane, musalembe mauwo nkupita kunyumba. Funsani maina a akatswiriwo ndi amene anawasankha. Funsani amene akuwalipira. Kenako pemphani lipoti lenilenilo, lonse, ndi masamba amene muli machenjezo, osati chidule cholembedwa ndi mlembi wa nduna. Akakuuzani kuti ndi lachinsinsi, lembani zomwezo m'nyuzipepala, ndi tsiku limene munapempha.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndiime pamenepa kuti ena afunse mafunso.