Wachibale Akati "Ndipezereni Malo ku Salima", Timuyankhe Chiyani?

Mawu amene mneneri wa khonsolo analankhula pamsonkhano wa chitukuko wa anthu a m'wodi



Ambiri mwa inu munalandirapo foni yochokera ku Lilongwe. Mwina anali achimwene anu amene atsala pang'ono kupuma pantchito, mwina mphwanu amene lendi ya mumzinda yamukulira, mwinanso azakhali amene mafupa awo sakugwirizananso ndi chisanu cha mu June. Onsewa pempho lawo ndi limodzi: muwapezere malo kapena nyumba kuno. Zifukwa zawo n'zomveka. Salima ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pamsewu wa M14, kuno n'kofunda chaka chonse, nsomba ndi mpunga zili pafupi, ndipo malo sanakwere mtengo ngati a kulikulu. Koma munthu amene wakutumaniyo wakupatsani udindo waukulu, pakuti nthawi zambiri ndalama imene akufuna kugwiritsa ntchito ndi ya penshoni, yomwe munthu amalandira kamodzi pamoyo wake. Akaimwaza pamalo olakwika alibe pena pogwira.

Funso loyamba limene mlendo amafunsa ndi la mtengo. Funso loyamba limene inu muyenera kufunsa ndi la madzi. Boma lathu lili m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, ndipo mvula imene imagwa kumapiri a Dedza ndi kumtunda kwa Lilongwe imatsikira kuno kudzera m'mitsinje monga Linthipe. N'chifukwa chake dera likhoza kusefukira ngakhale tsikulo kuno sikunagwe mvula yambiri. Malo ambiri amagulitsidwa m'chilimwe, pamene dambo limakhala louma ndi lafulati, looneka ngati bwalo la mpira. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo oti munthu amangepo nyumba aziwaona mu January kapena February. Ngati nthawiyo ili kutali, yang'anani zizindikiro: mzere wa matope pazipupa za nyumba zoyandikana nawo, bango ndi mlulu zomera pafupi, ndi dothi lakuda lamakande lomwe limang'aluka likauma. Dothi lotere limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo limang'amba maziko ndi zipupa. Wogula malo otchipa pamakande ndalama imene anapulumutsayo amakaiwonongera pamaziko.

Amene amasirira kukhala m'mphepete mwa nyanja, monga ku Senga Bay ndi ku Chipoka, akumbutseni za chaka cha 2024, pamene nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma angapo a m'mbali mwa nyanja. Pamene pali mchenga lero sipamathera nyanja. Asodzi achikulire a pamalopo amadziwa pamene madzi anafikapo kale, ndipo kuwafunsa sikulira ndalama.

Pali madzi enanso, akumwa. Mufufuze ngati mapaipi a Central Region Water Board anafika m'deralo, ndiponso ngati madzi amatulukadi masiku onse. Kumene amadalira mjigo, mulawe madziwo, chifukwa m'madera ena a m'chigwa madzi apansi amakhala amchere. Muonenso kuya kwake: kumene madzi apansi ali pafupi, zimbudzi zokumba zimadzaza ndi kugwa nthawi yadzinja, n'kuipitsa zitsime. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kufunda kumene alendowa akutsata ndi kumenenso udzudzu umakonda, choncho nyumba yoyandikana ndi zithaphwi kapena minda ya mpunga imafuna masikito ndi mawaya a m'mawindo. Ana osamba m'madzi odikha amatenganso likodzo. Wokalamba kapena wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi awerengere mtunda wopita kuchipatala, ndipo adzifunse ngati galimoto ingafike pakhomo pake usiku wamvula.

Kutentha nakonso kumasiyana malinga ndi malo. Mlendo wobwera mu June amasangalala, koma October ndi November sanawaone. Malo amene ali ndi mitengo ikuluikulu ndi podutsa mphepo amaposa malo ometedwa mpala, ngakhale akhale odulirapo. Nyumba ya malata otsika, yopanda siling'i ndi khonde, imasanduka uvuni. Mufunsenso kutalika kwake ndi mapolo a ESCOM, pakuti kukoka magetsi kuchokera kutali kumadya ndalama zambiri.

Tsopano nkhani ya umwini wa malo, imene imadzaza mabwalo a mafumu athu ndi makhoti. Malo ambiri kunja kwa tawuni ndi a makolo, ndipo amayendetsedwa ndi lamulo la malo a makolo la mu 2016. Kawirikawiri malo otere amakhala a banja lonse, osati a munthu mmodzi amene wakutsogolerani kukawaona. Kalata yolembedwa pamanja pansi pa mtengo, popanda a mwinimbumba, anansi a m'malire ndi amfumu, ndi chiyambi cha mlandu. Wina akamakufulumizitsani kuti ogula ena akudikira, pamenepo mpamene muyenera kudekha. Musanapereke ndalama iliyonse, bwerani ku ofesi ya zamalo ndi ya mapulani kukhonsolo kuti muone ngati malowo sali m'gawo la msewu, la njanji, la mawaya a magetsi kapena losungidwira sukulu ndi msika. Pulani ya nyumba nayonso iyenera kuvomerezedwa ntchito yomanga isanayambe. Safunsa anadya phula.

Malangizo amene ndingakonde kuti muwapereke kwa achibale anu ndi awa: ayambe achita lendi chaka chimodzi. Aone dzuwa la October, matope a February ndi mphepo ya mwera. Amene akufuna kuchita malonda adzaona yekha ngati kuli bwino kuyandikira ku Kamuzu Road kapena ku Kaphatenga, pamene wofuna bata adzasankha kwina. Adziwanenso ndi anansi, apite kumaliro ndi kumisonkhano ya m'mudzi, chifukwa dera labwino ndi anthu ake.

Nkhaniyi ikukhudza tonse, ngakhale amene tilibe wachibale wofuna kubwera. Nyumba imodzi ikamangidwa pakhwawa, madzi amapatukira kwa anansi amene akhalapo zaka zambiri. Ndalama za chitukuko zimene zikanakonza mlatho kapena kumanga chipinda chophunzirira zimathera pa chithandizo cha ngozi imene ikanapeweka. Mafumu athu, ndikupemphani mwaulemu kuti musavomereze kugawa malo m'madambo ndi m'magombe a mitsinje. A makomiti a chitukuko, lembani malo amene amasefukira m'midzi yanu ndipo muwapereke kukhonsolo. Inu amene mukugulitsa malo, nenani zoona, chifukwa wogulayo mawa ndi mnansi wanu.

Alendo tikuwafuna, pakuti amabweretsa luso, malonda ndi ntchito kwa achinyamata athu. Tiwalandire, koma tiwakhazike pouma ndi popanda mkangano.