Loko wa Foni Pamene Munthu Ali Kulankhula

M'midzi yambiri foni imodzi imathandiza mabanja angapo. Mwana akaimba kuchokera ku Johannesburg, mwini foni amathamanga nayo kwa mai ake a mwanayo, naisiya m'manja mwao, iye nabwerera ku nchito zake. Ichi nchabwino ndithu. Koma m'foni yomweyo muli zithunzi za banja, ndi mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba onena ndalama zimene zalowa ndi zimene zatsala.

Tsono loko wabwino atani pa nthawi yotere? Ayenera kulola wobwerekayo kuyankha, kukweza mau ndi kudula foni popanda nambala yachinsinsi, koma zina zonse zikhale zotsekeka. Mafoni a Android ndi iPhone amatero. Ngati foni inali yokiya pamene inalira, kuyankha sikuitsekula ai, ndipo kulankhula kukatha ikhala yokiyabe.

Bvuto libwera pamene mwini foni ndiye waimba. Iye anaitsekula kale kuti apeze nambala, ndipo akangoipereka chomwecho, wapereka nyumba yosatseka. Pa Android angodina kamodzi batani la m'mbali asanapereke. Galasi lizima, foni ikiyika, koma kulankhula kupitirira. Pa iPhone pafunika kuchenjera, chifukwa batani lomwelo limadula foni. Kuyambira chaka cha 2022, ndi iOS 16, munaikidwa malo oletsera zimenezi ochedwa Prevent Lock to End Call. Android nayo ili ndi malo a Power button ends call, amene munthu wobwereketsa foni achita bwino kuwasiya ozima.

Chinthu china ndi tsaya. Pamwamba pa galasi, pafupi ndi potulukira mau, pali kadiso kakang'ono kamene kamazindikira kuti foni yafika pa khutu, ndipo kamazimitsa galasi. Popanda iko, tsaya likadadina mabatani lokha, nkudula foni pakati pa nkhani ya maliro, kapena kutseka mau kuti wa kutsidyayo azingofunsa kuti, "Muli kundimva?" iPhone yoyamba, ya 2007, inali nako kale.

Kadisoka kamanyengedwa msanga. Fumbi, mafuta a kumaso, kapena chotetezera galasi chomata mokhota zimakaphimba, ndipo kamayesa kuti khutu likadali pomwepo. Pamenepo galasi likhala lakuda ngakhale munthu watsitsa foni, iye nalephera kudula, mayunitsi ali kupita. Ambiri amati foni yafa, nayamba ulendo wa kwa wokonza, pamene kansalu kouma kakadatha nchitoyo.

Aphunzitsi ndi ena odziwa angathandize okalamba kuyesa zimenezi masana, pasanagwe zadzidzidzi. Aimbirane ndi mnansi, aike foni pa khutu, aichotse, naona ngati galasi likuzima ndi kuyakanso. Kenaka adine batani la m'mbali, nafunse mnansiyo ngati akumvekabe.